TISANAGULITSE ZIGOBA ZA GALIMOTO ZAKALE

Masiku ano pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata pakuyenda malole a anthu ogula zitsulo zakutha. Amaima pa Kacholola, pa Nyimba, pa mphambano ya ku Minga ndi pa ya ku Petauke, napacika sikelo yao pa nthambi ya mtengo. Amagula ciliconse colemera: makasu othyoka, mafelemu a njinga, pulawo yodyedwa ndi dzimbiri. Koma cimene maso ao amafunitsitsa ndi zigoba za galimoto zakale, zija zagona zaka zambiri kuseri kwa nyumba za ansembe, kumbali kwa zipatala za mishoni ndi m'mabwalo a masitolo amene anatsekedwa kale. Land Rover yakale amaikonda koposa, pakuti thupi lake ndi la aluminiyamu, citsulo cimene osungunula mapoto amacigula pa mtengo wabwino. Mabungwe ena a parishi aonetsedwa kale ndalama, ndipo nthawi yomweyo denga la chalichi likudontha. Tisanagwirizane mtengo, tiyeni tiyambe taona cimene tikufuna kugulitsaco.

Ku England, pa tsiku la Mulungu loyamba la mwezi wa Novembala, dzuwa likamatuluka, galimoto mazana angapo zimanyamuka pa Hyde Park mumzinda wa London kulinga ku Brighton, kugombe la nyanja, ulendo wa makilomita pafupifupi 90. Lamulo lao ndi lakuti galimoto iliyonse ikhale yopangidwa caka ca 1905 cisanafike. Zina zimayenda ndi petulo, zina ndi nthunzi monga sitima zakale, zambiri zilibe denga, kotero eni ake amafika atavumbwa ndi mvula, ena atacita kukankha pa zitunda. Si mpikisano ai. Wofika woyamba ndi wofika madzulo amalandira mendulo yofanana. Cimene amakumbukira ndi ici: mu 1865 boma la dzikolo linaika lamulo lakuti ngolo yoyenda yokha isapitirire mamailo 4 pa ola kumidzi ndi mamailo 2 m'tauni, ndiponso kuti munthu aziyenda pansi patsogolo pake atanyamula mbendera yofiira. Mu Novembala 1896 lamulo latsopano linalola mamailo 14 pa ola, ndipo oyendetsa anakondwerera pocita ulendo wa ku Brighton umenewu. Ndico cifukwa cake asananyamuke amayamba ang'amba mbendera yofiira.

Azimai a m'mabungwe athu adzakondwa kumva kuti ulendo wautali woyamba wa pa galimoto unayendedwa ndi mai wa pabanja. Karl Benz wa ku Germany analembetsa galimoto yake ya magudumu atatu ku boma mu Januwale 1886, koma anali munthu wamantha pa malonda, wongokonzakonza cinthu cake m'nyumba yogwiriramo nchito osafuna kucitulutsa. Mkazi wake Bertha, amene cuma cake ca ukwati cinali citalowa kale m'nchitoyo, anatopa nazo. M'mamawa wina mu Ogasiti 1888 anatenga ana ake aamuna awiri, Eugen ndi Richard, nakankhira galimoto kunja mwakacetecete bambo ali m'tulo, nauyamba ulendo wocokera ku Mannheim kupita kwa mai ake ku Pforzheim, makilomita oposa 100. Malo omwetsera mafuta kunalibe. Anagula mafuta ocotsera madontho pa zovala m'sitolo ya mankhwala ya m'tauni ya Wiesloch. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini ya cipewa cake, waya utapyapyala anaukulunga ndi lamba wa sokosi, ndipo mabuleki atatha anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo cikopa. Pa zitunda anyamata aja anatsika nakankha. Anafika kutada. Aliyense wa ife amene anakwerapo lole ya ku Msanzala nthawi ya dzinja adzazindikira ulendo umenewu, pakuti luso lomanga injini ndi waya ndi legeni silinayambire kwathu kuno.

Mipikisano sinacedwe. Pa 22 Julaye 1894 nyuzipepala ya ku France yochedwa Le Petit Journal inakonza ulendo woyesa galimoto kucokera ku Paris kukafika ku Rouen, makilomita 126. Woyamba kufika anali De Dion pa ngolo yake ya nthunzi, atayenda maola pafupifupi 7, liwiro la makilomita 19 pa ola, limene mnyamata wa njinga yonyamula makala angalifikire potsetsereka. Mphoto yoyamba anammana, cifukwa ngolo yake inafuna munthu waciwiri wosonkhezera moto, ndipo inagawidwa kwa a Peugeot ndi a Panhard et Levassor. Caka cotsatira Émile Levassor anayendetsa yekha kucokera ku Paris kupita ku Bordeaux ndi kubwerera, makilomita 1,178, kwa maola osakwana 49, osagona tulo teniteni. Pa liwiro lakelo, munthu wonyamuka pa Nyimba m'bandakuca akadafika ku Lusaka usiku, patapita maola pafupifupi 14.

Koma taonani mmene zinthu zinathamangira. Mu Meyi 1903, patangopita zaka 9, pa mpikisano wocokera ku Paris kupita ku Madrid, wotsogola anafika ku Bordeaux pa liwiro la makilomita 105 pa ola, pa mseu wafumbi wodzaza anthu oonerera, ana ndi agalu. Tsiku limenelo anthu angapo anafa, oyendetsa ndi oonerera omwe, ndipo Marcel Renault, mmodzi wa abale amene anayambitsa kampani ya Renault, anamwalira ndi mabala ake patapita masiku awiri. Boma linaletsa mpikisanowo pomwepo. Galimoto sanazilole ngakhale kulizanso injini. Zinakokedwa ndi akavalo kupita ku sitesheni ya sitima. Kucokera pamenepo mipikisano yaikulu inayamba kucitikira pa miseu yotsekedwa. Ife tikaona mabasi awiri akupikisana kuti afike msanga pa Nyimba kukalanda okwera, pamene azimai ndi ana ali m'mphepete mwa tala ndi mabeseni a nthoci, timaganiza kuti a ku France anaphunzira pa tsiku limodzi cimene ife takhala tikuikira maliro zaka zambiri.

Nanga kwathu kuno? Pamene Levassor anali kuthamanga, kuno kunalibe mseu. Azungu a boma ankanyamulidwa pa macila, katundu pamutu, ndipo makolo athu Ansenga opita kukafuna nchito ku Southern Rhodesia ankayenda pansi masabata, naoloka Zambezi pa Feira. Ansembe a cipani ca White Fathers amene anatsegula mishoni ya Minga m'zaka za m'ma 1920 anafika m'midzi yambiri ndi miyendo ndi njinga yakapalasa, pambuyo pake ndi mthuthuthu. Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inkalandira katundu wake kudzera ku Nyasaland, popeza mapiri ndi cigwa ca Luangwa zinaitsekera njira ya kumadzulo. Mseu waukuluwu unayamba kupitika ndi galimoto ca m'ma 1930, ndipo mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa m'zaka zomwezo ndi ndalama za Beit Trust. Mlatho wa zingwe umene timaolokapo lero unatsegulidwa mu 1968. Odziwa zilankhulo amati mau akuti galimoto anacokera ku Ciswahili, ndipo tanthauzo lake ndi ngolo ya moto. Agogo athu amene anaona yoyamba ikufuka utsi pa njira ya ku boma la Petauke sakadapeza dzina lina loposa limeneli.

Ife amene tsitsi layamba kucita imvi tinakulira pakati pa galimoto zina. Tikukumbukira malole a Bedford ndi a Leyland atasenza matumba a cimanga ndi nshawa kupita ku madepoti a Namboard ndi a Eastern Co-operative Union, mabasi a UBZ amene anatha ca m'ma 1995, ndi ti Fiat ting'onoting'ono tomangidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, timene mphunzitsi wamkulu akagula mudzi wonse unkabwera kudzaona. Panali Peugeot 404, imene inapambana mpikisano woopsa wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, pa matope ndi miyala yofanana ndi yathu. N'cifukwa cake amalonda ankaikhulupirira ngati ng'ombe yapagoli. Ana a sukulu ankadziwa dzina la Satwant Singh wa kuno ku Zambia, amene anakhala katswiri wa Africa yonse pa mipikisano ya m'thengo kasanu ndi katatu, ndipo aliyense wokankha galimoto yake ya mawaya ankadzicha dzina limenelo. Koma mfumu ya zonse inali Land Rover, imene inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu Epulo 1948. Anaipanga ndi aluminiyamu cifukwa citsulo cinali cosowa nkhondo itangotha. Ndiyo inkafika kumene mseu wathera: kukatenga mai wovutika pobereka pakati pa usiku, kukafikitsa wansembe kwa wodwala wofuna kudzozedwa, kunyamula malata a chalichi ca kumudzi, ndi kubweza maliro kwao kucokera ku cipatala ca Minga. M'dziko la Mfumu Ndake muli anthu akuluakulu lero amene akadafera m'mimba pakadapanda galimoto imeneyi.

Tisanene kuti anthu athu sadziwa kulemekeza galimoto yakufa. Amailemekeza mwa njira yao. Masipuling'i ake asula nkhwangwa ndi makasu, ekiselo ndi magudumu zili pansi pa ngolo ya ng'ombe, matayala asanduka nsapato ndi zomwera nkhuku, mpando uli pakhonde pa anyakwawa. Ndipo ndi nthambi zingati za parishi zathu zimene belu lao ndi limu ya gudumu la lole yopacikidwa pa mtengo? Ife akatekisiti taitana Akhristu ku mapemphero ndi citsulo cimeneco kwa zaka zosawerengeka, ndipo mau ake amamveka kutsidya kwa dambo kuposa mabelu ena ogula. Galimoto yotere sinatayike. Yogulitsidwa pa sikelo ndiyo imapita osasiya kanthu, ndipo ndalama yake imatha mwezi usanathe.

Wina adzati kusunga galimoto yosayenda ndi masewera a anthu okhuta. Funso limeneli ndi loona, ndipo sitikulipeputsa. Koma Mpingo weniweniwo umasunga. Ku Vatican kuli nyumba yoonetseramo ngolo ndi galimoto za Apapa, imene Papa Paul VI anakhazikitsa mu 1973. M'menemo muli Graham-Paige ya 1929 ndi Mercedes ya 1930 za Papa Pius XI, ndiponso Fiat yoyera yopanda denga imene Papa John Paul II anakwera pamene anaomberedwa mfuti pa 13 Meyi 1981, zaka 8 asanadzaceze kuno ku Zambia. Ku Lusaka, pa nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, anasungako Land Rover imene inayenda nao pa nchito yomenyera ufulu. Palibe amene amapita kumeneko kukaona ubwino wa injini. M'buku la Yoswa timawerenga kuti Aisraele ataoloka Yordani anatola miyala 12 m'mtsinjemo naiimika, colinga cakuti ana akadzafunsa tanthauzo la miyalayo, akulu adzapeze poyambira kufotokoza. Mwana safunsa za cinthu cimene sakuciona.

Maganizo athu tsono ndi awa. Zigoba zimene zatsala mafupa okhaokha, zopanda injini, zopanda mbiri yodziwika, zigulitsidwe, denga likonzedwe, ndipo ndalama zake zilengezedwe m'chalichi pamaso pa onse, pakuti katundu wa parishi sagulitsidwa madzulo ndi anthu awiri. Bambo mfumu ndi a ku dayosizi ayenera kudziwa cisanacoke ciliconse. Koma parishi iliyonse imene ili ndi galimoto imodzi yodziwika, ija akulu amaichula ndi dzina la wansembe kapena la sisitere amene ankaiyendetsa, iisunge. Sipafunika ndalama zambiri: kuicotsa pa dothi ndi kuikhazika pa njerwa, kuimangira kadenga ka udzu kapena ka malata otsala, kutulutsamo nkhuku, ndi kuletsa ana kuswa magalasi. Pa Land Rover yakale pamakhala kacitsulo kolembedwa nambala ya chasisi. Nambala imeneyo imauza odziwa caka cimene galimotoyo inapangidwa, ndipo iyenera kulembedwa m'buku la parishi kacitsuloko kasanazulidwe. Kunja kuli anthu amene amafunafuna galimoto zoterezi kuti azidzutse, ndipo mtengo umene amapereka suyezedwa pa sikelo. Bungwe limene lagulitsa Land Rover yathunthu pa mtengo wa makilogalamu lingadzamve cisoni likadzaiona ikuwala m'tauni.

Cofulumira koposa ndi anthu. Madalaivala akale a mishoni ndi amakanika amene anaphunzira nchito pa galaja za ansembe atsala owerengeka, ndipo ena maso ayamba kucita khungu. Iwo ndiwo akudziwa kupukusa handulo osathyoka dzanja, kumva ndi khutu lokha kuti pulagi yacitatu yafa, kuoloka mtsinje wodzala atamasula lamba wa fani. Akudziwanso usiku umene anagona pa Manenekera ndi wodwala m'galimoto, ndi dzina la mwana amene anabadwira pa mpando wakumbuyo. Acinyamata a m'miphakati yathu ali ndi mafoni ojambula mau. Apite awiriawiri kwa akulu amenewa, atenge kashuga m'manja, akhale pansi, afunse. Pa 25 Julaye, tsiku la Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo, pamene wansembe adalitsa galimoto, njinga ndi mithuthuthu pabwalo la chalichi, dalaivala wakaleyo apatsidwe mpando pafupi ndi galimoto yake, ndipo ana abwere ndi zao za mawaya aziimike pamzere womwewo.