Bonse Babili Bamukonda Mwana, Koma Mwana Ayonda

Sabata ino nabwela na filimu yamene inanisowesa tulo. Ilibe mfiti olo bakawalala ba mfuti zazikulu. Muli chabe mwamuna, mkazi na kamwana kakhanda mu nyumba ya lendi. Koma mantha yamene nimvela poitamba yanapambana ya mafilimu ya viwanda.

Dzina yake ni Hungry Hearts, inatuluka mu 2014, ndipo anaipanga ni Saverio Costanzo wa ku Italy. Adam Driver aseŵela Jude, mnyamata wa ku America, ndipo Alba Rohrwacher aseŵela Mina, mtsikana wa ku Italy wamene aseŵenza ku New York. Bonse babili banawina mphoto ya oseŵela bwino ku chikondwelelo cha mafilimu cha ku Venice chaka chamene chija.

Poyamba mungaganize ni filimu yosekesa. Aba babili bakumana mu toileti ya lesitilanti ya ma China, chitseko chakana kutseguka, Jude m'mimba mwamuvuta, fungo yake osakamba. Kuchoka apo chikondi, mimba, ukwati. Manje vintu viyamba kupindika pamene wolosela wina auza Mina ati mwana wamene ali m'mimba ni wapadela. Kuchokela apo Mina aona dziko yonse monga doti. Safuna madokota, safuna mwana atuluke panja, safuna nyama olo mkaka wa ng'ombe vifike pafupi. Alima tundiwo twake pamwamba pa nyumba, ndipo ni tumene akhulupilila.

Jude poyamba angokhala zii, ati mayi ndiye aziŵa. Koma thupi ya mwana ikapya masiku yambili, amutenga mobisa kupita kuli dokota, ndipo dokota amuuza mosabisa kuti mwana sakula. Apa ndiye pali chithunzi chamene sichichoka m'mutu mwanga: tate anamizila kupita kukayenda na mwana, aloŵa mu chechi, akhala pa benchi, ayamba kumudyesa tunyama monga kawalala. Bakabwelela ku nyumba, mayi nayeve mobisa amumwesa mafuta yena yamene yalengesa kuti vakudya visagwile m'thupi. Bamake Jude nabo baloŵelela. Mathelo siniuzani, koma muziŵe kuti palibe wamene aseka.

Chamene chiŵaŵa mu filimu iyi nichakuti palibe wamene azonda mwana. Mina akonda mwana wake kufika pa kufa, Jude nayeve chimozimozi. Aliyense aganiza kuti apulumusa mwana kuli mnzake, ndipo pakati pa nkhondo yabo kamwana kangoyonda.

Manje musakambe ati ivi ni va bazungu. Pitani mu komboni iliyonse mumvele ndeo za mu nyumba mwamene muli khanda. Bamake mwana bakamba ati ku kiliniki banatiuza bele chabe mpaka miyezi 6. Bapongozi bati iyayi, mwana wamwamuna sakhuta na bele, mupaseni kapoliji, ise tinalela bana 8 na poliji yamene iyi. Batate nabo bafika usiku kuchoka ku shifiti, bapeza mwana alila, bayamba kuzuzula ati nanga iwe uchita chani nsiku yonse? Wina afuna tumankhwala twa chapamutu, wina afuna madzi ya mapemphelo, wina aona pa TikTok ati katemela ni woipa. Bonse bati bachitila mwana.

Pa nkhani ya bele, ba nasi bali na zoona. Bungwe ya World Health Organization ilangiza kuyamwisa chabe, kopanda madzi olo poliji, mpaka miyezi 6, pambuyo pake kuyamba vakudya vina uku mwana apitiliza kuyamwa mpaka zaka 2 olo kupitilila. Ndipo ngati pamutu pa khanda paloŵa mkati, kambili ni chizindikilo chakuti madzi yachepa m'thupi, makamaka akathulula. Apo thamangilani ku kiliniki, osayamba kumata vintu pamutu.

Mu Hungry Hearts, chamene chinatsegula maso ya Jude ni kupimisa mwana. Naise tili nacho ichi, ndiye kadi ya mwana ya ku sikelo. Ngati mukangana kuti mwana adya bwino olo ayi, lekani kuitana bamalume na ba tete kuti baweluze. Pitani babili ku sikelo muone mzele wa pa kadi. Ukakwela, gonani tulo. Ukaima olo kutsika, funsani ba nasi pamene apo. Imwe batate, ku sikelo sibaletsa bamuna. Ngati simuziŵa makilo ya mwana wanu koma muziŵa magolo yonse ya Arsenal, mulibe mphamvu yokweza mau mu nyumba.

Koma pali mbali ina yamene filimu iyi siinafotokoze mokwanila, ndipo apa ndiye niipezela mulandu. Kambili ionesa Mina monga chilombo, pamene mkazi uja aoneka kuti adwala m'maganizo ndipo afunika thandizo. Mafilimu yena yabili yaigwila bwino nkhani iyi. Tully ya mu 2018, mwamene Charlize Theron aseŵela Marlo, ionesa mayi wa bana batatu wamene atopa kufika posaziziŵa, uku mwamuna wake usiku avala mahedifoni nakuseŵela magemu pa bedi. Sali woipa mtima, koma saona chilichonse. Die My Love ya mu 2025, ya Lynne Ramsay, ili na Jennifer Lawrence na Robert Pattinson: banja isamukila ku mudzi ku Montana, mwana abadwa, mwamuna akhala ku nchito, mkazi atsala yekha mpaka mutu uyamba kusokonezeka.

Matenda ya nkhawa na chisoni pambuyo pobeleka ni yeniyeni. World Health Organization ikamba kuti mu maiko yosauka, pafupifupi mayi 1 pa bamayi 5 bamene bangobeleka amavutika m'maganizo. Kulilalila masiku yoyamba kuchitika kuli bambili ndipo kusila kokha. Koma ngati papita masabata 2 mkazi akali kulila, sagona olo mwana agone, sadya, aopa kugwila mwana olo safuna wina aliyense amugwile, olo akamba zofuna kufa, uyo si ulesi ndipo sanaloŵedwe. Mupelekeni ku kiliniki mukambe vonse. Ku Chainama sikupita chabe bamene bavula vovala mu msewu, kuli bakatswili ba matenda ya maganizo bamene bathandiza bantu monga ine na imwe.

Na lamulo ili ku mbali yanu. Employment Code Act ya mu 2019 ipasa mayi masabata 14 ya chuti yobelekela, ndipo tate wamene waseŵenza chaka pa nchito yake ali na masiku 5 ya nchito. Yachepa, zoona, koma masiku yaja si yokamwela moŵa ati tisambika mwana. Ni yochapa matewela, kuphika nsima, na kunyamula khanda usiku kuti bamake bagoneko maola yangapo.

Filimu iyi muitambe babili, bana bakagona. Ikasila, funsanani: ni chani chamene nimachita kuli mwana mobisa iwe osaziŵa? Mukayamba kubisilana kapoliji na tumankhwala, ninshi mwayamba kale njila ya Jude na Mina. Ndipo bamuna, kadi ya mwana ili mu chola chija cha matewela. Itengeni lelo muione, ndipo tsiku ya sikelo ikafika, mwana mumunyamule ndimwe.

Tizaonana sabata ya maŵa.