Chithunzi chipite ku Central, wodwala adikire ku Kabudula

Dzino likayamba kuwawa usiku, munthu wa ku Nsaru kapena ku Nambuma amayamba kuwerengera ndalama ya kabaza ndi minibasi yokafikira ku Kamuzu Central Hospital. Komatu nthawi zambiri dokotala wa mano amafuna aone kaye chithunzi cha x-ray. Ndiye bwanji osatumiza chithunzicho, wodwalayo n'kumva yankho ali kwawo?

Ku Physics mumaphunzira kuti Wilhelm Röntgen anatulukira x-ray mu 1895. Chakumayambiriro kwa 1896, dokotala wa mano wa ku Germany, Otto Walkhoff, anajambula mano ake omwe, atakhala duu mphindi 25. Lero sekondi imodzi sikwana. Cheza cha x-ray chimadutsa mosavuta m'mnofu koma chimatsekeka pa dzino ndi fupa, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zoyera. Pomwe dzino labowoka, kapena pomwe mafinya adya fupa kunsonga kwa muzu, pamaoneka pakuda. Makina amakono ali ndi sensa yosandutsa chezacho kukhala manambala, ndipo manambalawo amayenda pa intaneti ngati fayilo ina iliyonse.

Kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa zedi. Digiri ya ntchitoyi inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano ili mu KUHeS. Ine ndikuona kuti zipatala ngati za ku Kabudula ndi Namitete ziyenera kukhala ndi makina ojambula mano komanso njira yotumizira zithunzi kwa akatswiri. Dokotala mmodzi ali mumzinda atha kulangiza ogwira ntchito m'zipatala zingapo kuti dzino ili lizulidwe komweko, ili limatidwe, koma wodwala uyu abwere msanga.

Koma pasakhale chidule. Kujambula sikirini ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kumafinya chithunzi, kadontho kakuda kofunika kaja n'kusowa. Fayilo ipite yathunthu, mwachitsanzo ya mtundu wa DICOM womwe zipatala zimagwiritsa ntchito. Chithunzichonso ndi chinsinsi cha wodwala. Apemphedwe kaye, ndipo chisaponyedwe pa gulupu.

Inde, chithunzi sichizula dzino, ndipo magetsi ndi netiweki zimavuta. Wotupa tsaya mpaka kulephera kumeza asadikire fayilo, athamangire kuchipatala. Koma ambiri apulumutsa ndalama ndi tsiku lonse la kumunda. Makinawa adzafuna owayendetsa ndi owakonza, ndiye inu a Fomu 3 ndi 4, Physics ndi Computer Studies musazitenge mwachibwana.