Chithunzi sichiola, koma wojambula amadya

Mnyamata kapena mtsikana akanena kuti akufuna kumadyera luso lojambula zithunzi, malangizo omwe amalandira kwa ife akuluakulu ndi amodzimodzi: dekha, nthawi yako idzakwana. Ena timaonjezera mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Malangizowa si olakwika, koma ndi otchipa. Wowapereka sataya kalikonse. Wowalandira ndiye amatsala ndi zithunzi zisanu kuseri kwa chitseko, ngongole ya penti kusitolo, komanso mayi a kunyumba akufunsa za ndiwo.

Kuno kwa Kabudula aluso alipo. Pa zaka zomwe ndaphunzitsa pasekondale yoyendera, ndaona ana omwe amatha kujambula nkhope ya mnzawo ndi bolopeni mpaka kalasi yonse n'kumuzindikira. Akamaliza Fomu 4, ambiri amasiya pasanathe zaka ziwiri. Luso silinawathere ayi. Chimawathera ndi chodyera pamene akudikira wogula. N'chifukwa chake ine ndimati funso lenileni ndi lakuti, kodi kudekhako akulipirira ndani?

Anthu akafuna kulimbikitsa wojambula amakonda kutchula Vincent van Gogh, katswiri wa ku Netherlands yemwe adamwalira mu 1890 ali ndi zaka 37. Amati onani, ali moyo sankagulitsa, lero zithunzi zake ndi za ndalama zosasimbika. N'zoona kuti adagulitsa zochepa kwambiri. Chodziwika bwino ndi cha munda wa mpesa, chomwe Anna Boch adagula pa mafranki 400 m'chaka chomwe mwini wake adamwalira. Koma okamba nkhaniyi amaiwala mng'ono wake Theo, yemwe kwa zaka pafupifupi khumi ankamutumizira ndalama za chakudya, nyumba ndi utoto. Theo atamwalira mu 1891, mkazi wake Johanna ndiye adasunga zithunzizo n'kumaziyendetsa m'zionetsero kufikira dziko litazidziwa. Kudekha kwa Vincent kudali ndi mwini thumba. Mwana wa mlimi wa fodya kwa Kabudula alibe Theo.

Wotiyandikira ndi Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania. Adayamba kujambula mu 1968 ku Dar es Salaam. Analibe ndalama za nsalu ndi utoto wa akatswiri, choncho ankagwiritsa ntchito penti wopakira njinga pa zidutswa za mabolodi a siling'i. Zithunzizo sadazisunge m'nyumba kuti wogula adzazilote. Zinkapita ku Oyster Bay, pafupi ndi masitolo omwe azungu ankagulako zinthu. Ndipo kwa nthawi ndithu iye anali ndi ntchito ina pachipatala cha Muhimbili. Adajambula zaka zinayi zokha, chifukwa mu 1972 apolisi adamuombera atasokoneza galimoto yomwe adakwera ndi ya zigawenga. Koma anali ataphunzitsa achibale ndi anzake, ndipo mu 1990 otsatira ake adakhazikitsa kopaletivi yomwe ikugulitsabe zithunzi mpaka lero.

Mwa bamboyu ndimaonamo kulimbikira komwe kumatheka kumudzi: zipangizo zomwe thumba likukwanitsa, ntchito ina yodyetsa banja, ndi miyendo yopita komwe kuli ogula.

Tsono ogulawo ali kuti? Ambiri mwa achinyamata athu maso ali ku Lilongwe, pamalo ogulitsira ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, kapena kunyanja ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear. Msika umenewu ulipodi, koma ndi wa mzungu, ndipo mzungu amabwera ndi ndege. Mu 2020, ndege zitaima chifukwa cha Covid-19, aliyense wodalira alendo adaona yekha momwe msikawo ulili wosalimba. Vuto lina ndi lakuti zithunzi zambiri kumeneko n'zofanana: mayi wasenza mtsuko, mlambe dzuwa likulowa, njovu pamadzi. Zithunzi makumi awiri zikafanana, wogula safunsanso kuti wajambula ndani. Amangofunsa kuti wotchipa ndani. Ine sindinakumanepo ndi chithunzi cha chigafa chodzaza fodya, cha ngolo ikuchokera kudimba, kapena cha amayi akukangana za mzere pamjigo, chonsecho zimenezi ndiye zathu, ndipo wa ku Salima sangazijambule kuposa wa ku Nsaru.

Msika wina uli pakhomo pomwepa, kungoti aluso ena amaunyoza. Malo ometera, saluni, butchala, golosale, onsewa amafuna chikwangwani. Matchalitchi amafuna zithunzi ndi mavesi pakhoma. Sukulu zimafuna mapu a Malawi ndi chithunzi cha mtima wa munthu pakhoma lakunja. Alipo mabanja omwe atsala ndi kachithunzi kamodzi kokha ka malemu bambo awo, ka pachiphaso, ndipo angakonde kukakulitsa kuti kakhale pabalaza. Ndamvapo wachinyamata wina akunena kuti iye ndi katswiri, sangalembe "Pano Tikumeta" pakhoma la munthu. Ndidamuuza kuti khoma limenelo ndiye Theo wake. Ntchito ya tsiku limodzi pa golosale imagula penti wojambulira chithunzi chomwe chidzadikire wogula miyezi isanu ndi umodzi. Komanso khoma la pamsika limaonedwa ndi anthu ambiri kuposa chithunzi chobisika kuchipinda, bola pansi pake palembedwe dzina ndi nambala ya foni.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mtengo. Ife a kuno timaidziwa bwino kuchokera kumunda. Mlimi amagulitsa chimanga kwa venda wa sikelo mu April pamtengo wolira, n'kudzachigulanso mu February pamtengo wokwera. Wojambula naye akafika m'tauni ndi zithunzi zake, ndalama yobwererera alibe, dzuwa lapendeka, amalandira chilichonse chomwe wogulitsa pamsika watchula. Tsiku limenelo wadziikira mtengo wa zaka zambiri, pakuti ulendo wotsatira adzamukumbutsa kuti paja tidagula mwakuti. Pomwe penti, burashi ndi nsalu zidakwera kwambiri ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Wosawerengera zimenezi, pamodzi ndi thiransipoti ndi masiku omwe wagwira ntchito, amakhala akulipira yekha kuti ena akongoletse nyumba zawo.

Ubwino wa chithunzi ndi wakuti si tomato. Chikasungidwa pouma, kutali ndi chiswe ndi utsi wa kukhitchini, chimadikira. Ndalama kuno imayenda ndi nyengo: January ndi February palibe angagule chithunzi ana akugona ndi njala, koma okushoni ikatsegulidwa ku Kanengo ndipo mtedza ndi soya zagulidwa, anthu amakhoma malata, amapenta masitolo, amamanga ziliza, amachititsa zinkhoswe. Wojambula wochenjera amajambula dzinja akaweruka kumunda, n'kugulitsa m'masika. Ndipo pa ntchito yochita kuitanitsa, theka la ndalama liyambe laperekedwa burashi isananyowe. Mawu akuti "jambula kaye, tidzaonana fodya akatuluka" agwetsa aluso ambiri kuposa kusowa kwa ogula.

Palinso kudikirira pamodzi. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo osema ndi ojambula a kumeneko akhala ndi malo amodzi odziwika komwe mlendo amafika n'kupeza ntchito zawo. Dzina la malowo lidamangidwa pa zaka makumi ambiri, ndipo wosema mmodzi payekha sakadalikwanitsa. Kwathu kuno sitingayambe ndi nyumba yotero. Koma aluso anayi a kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma angathe kusonkherana yogulira zitini za penti, kutuma mmodzi ku Lilongwe ndi zithunzi za onse, n'kugwirizana mtengo womwe sangatsike nawo. Foni imodzi yojambula bwino ingakwanire onse kuika ntchito zawo pa WhatsApp ndi Facebook, komwe abale athu a ku Joni amaona, ndipo ndalama n'kubwera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Kwa ife aphunzitsi ndi makomiti a sukulu, ndili ndi pempho limodzi. Tikafuna mapu pakhoma kapena baji ya sukulu pageti, tisamaitane mwana yemwe tidamuphunzitsa tokha kuti adzatithandize ulere chifukwa choti ndi wathu. Timufunse mtengo monga momwe timafunsira mmisiri womanga chimbudzi, tilembe mu bajeti, ndipo timulipire tsiku lomwe watsuka maburashi ake.