Musanafufute, yambani mwaona kaye

Anzanga, ine ndili ndi dandaulo. Teremu yathayi kompyuta ija ya Linux ya mu labu inadzaza, ndiye mnzathu wina analemba kasikiripiti kochotsa mafayilo akale. Anaikamo lamulo la find, lokhala ndi -mtime +30 komanso -delete. Kutanthauza kuti: saka mafayilo onse amene sanasinthidwe kwa masiku opitirira 30, uwafufute. Malo anapezekadi, koma kanasesanso manotsi anga a Bayoloje amene ndinataipa ndili Fomu 3. Ndinathamangira mu Trash, mulibe kanthu! Zofufutidwa ndi lamulo limeneli sizidzera kumeneko, zimangopitiratu.

Sindikunena kuti masikiripiti ndi oipa ayi. Vuto n'lakuti kompyuta imangowerenga masiku, sidziwa chimene mwini wake akuchifunabe. Chimanga cha chaka chatha n'chakale, koma ndani amataya?

Pempho langa ndi ili: poyamba lembani -print m'malo mwa -delete, muwerenge mayina onse amene atuluke, mufunse eni ake. Lozani foda imodzi yokha, osati kompyuta yonse. Mukatsimikiza, fufutani. MSCE yayandikira, tisaphane ndi manotsi chonde.