"Ulimbe mtima" si mankhwala a nkhawa

Mng'ono wanga ali Fomu 3 anayamba kudwala matenda odabwitsa. M'mawa akangovala yunifomu mtima unkamuthamanga, manja ankanyowa ndi thukuta, m'mimba munkapotokola. Loweruka ndi Lamulungu ankakhala bwinobwino. Kuchipatala anamuyeza malungo kawiri koma osapezeka. Amayi anapita naye kumapemphero. Azakhali ankanong'ona kuti pali munthu wanjiru amene sakufuna kuti mwanayo aphunzire. Bambo ankangoti, "Ulimbe mtima, wakula tsopano." Ine, ndivomere, ndinkati ndi ulesi basi.

Teremu yatsala pang'ono kutha, namwino wina wodziwa za matenda a maganizo anamufunsa funso limene tonsefe sitinaliganizire: "Kodi umaopa kuti chichitika n'chiyani ukafika kusukulu?" Apa m'pamene zinadziwika kuti tsiku lina mphunzitsi anamuimika kuti awerenge ndime ya Chingerezi, iye anachita chibwibwi, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Kuchokera tsikulo ankaona ngati maso onse ali pa iye.

Zimenezi ndizo zinandichititsa kukhulupirira kuti kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino, kumene timakutcha uphungu, ndi chithandizo chenicheni cha nkhawa kwa achinyamata ndi akuluakulu omwe, ndipo tikulakwa kukuona ngati kucheza chabe.

Mantha paokha si matenda. Munthu akakumana ndi njoka panjira, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umagunda kwambiri, mpweya umathamanga kuti miyendo ipeze mphamvu zothawira. Vuto limabwera pamene thupi likuchita zomwezo njoka palibe, monga mlonda woimba wenzulo usiku wonse pomwe mbala sinabwere. Chimene chinanditsegula maso n'chakuti nkhawa imanenepa ndi kuthawa. Tsiku lililonse limene mng'ono wanga wajomba, mtima wake unkakhala pansi, ndipo ubongo unkaphunzira kuti kujombako ndiko kwamupulumutsa. Mawa lake mantha ankakula kuposa dzulo. Choncho amayi pomuuza mwachifundo kuti, "Gona mwanangu, upita mawa," ankadyetsa matendawo osadziwa. Nawonso mawu a bambo sanathandize, poti mwanayo anali atayesa kale kulimba mtima n'kulephera, ndiye anangowonjezerapo manyazi.

Njira imene namwino uja anatsata imatchedwa CBT, ndipo mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Aaron Beck, dokotala wa ku America, m'zaka za m'ma 1960. Mulibe zamatsenga. Anamupatsa kope kuti azilemba chimene akuopa kuti chichitika, ndipo madzulo azilemba chimene chachitikadi. Patapita masabata awiri mwanayo anaona yekha kuti maulosi ake ambiri sakukwaniritsidwa. Anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga. Kenako anagwirizana zokwera makwerero: kuwerenga mokweza ali yekha m'chipinda, kuwerengera ine, kuwerengera anzake awiri, mpaka kukweza dzanja m'kalasi. Lamulo linali limodzi, loti asachoke pamalopo mantha akamukwera, adikire aone ngati satsika okha. Amatsikadi. Zonsezi zinatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo sabata zina ankabwerera m'mbuyo.

Ena adzati alangizi tili nawo kale: ankhoswe, anankungwi, akuluakulu a mpingo. Sindikuwanyoza, ndipo amayi sanaleke kumupempherera mwana wawo. Koma malangizo athu ambiri ndi akuti wamkulu ayankhule, wamng'ono aweramitse mutu. Mlangizi wa uphungu amafunsa kwambiri kuposa kuuza, amakupatsa ntchito yokachita kunyumba, ndipo zimene mwakambirana sizikamveka kuchitsime. Mtsikana wa zaka 16 kapena bambo amene ntchito yamuthera sangaulule mantha ake kwa munthu amene mawa akakhala naye pamaliro.

Akuluakulu ndiye amabisa kwambiri. Mayi amene ngongole ya banki m'khonde yamusowetsa tulo amakadandaula za mutu ndi kugunda kwa mtima, n'kubwerako ndi panado. Abambo ambiri amakaziziritsa mtima kumowa. N'koyenera ndithu kuyamba wayezetsa, chifukwa matenda a mtima kapena a chithokomiro amatha kuoneka ngati nkhawa, komanso alipo ena amene amafunikira mankhwala pamodzi ndi uphungu. Koma zoyeza zikapanda kupeza kanthu, munthuyo asauzidwe kuti sakudwala. Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza n'chakuti akatswiri ndi ochepa. Zipatala zodziwika ndi Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ambirife tikamva zoti wina apite naye ku Zomba timangoganiza za misala. Komanso uphungu sulipira fizi, subweza ngongole. Izi n'zoona. Komabe taonani zimene anachita anzathu a ku Zimbabwe. M'chaka cha 2006 Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi munthu wovutika, kumumvetsera, kumuthandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza poyambira kulithetsa. Amakumana maulendo asanu ndi limodzi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, wokhudza anthu 573, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi anthu 12 pa 100 alionse amene anakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za nkhawa, poyerekeza ndi 48 pa 100 mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ngati kwathu kuno tinatha kuphunzitsa alangizi a HIV mpaka m'zipatala zazing'ono zakumudzi, sindikuona chotiletsa kuphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi ena luso limeneli.

Ife ophunzira zinenero tilinso ndi gawo lathu. Agogo a ku Harare safunsa munthu ngati ali ndi matenda a dzina lachizungu. Amakamba za kufungisisa, mawu a Chishona otanthauza kuganiza kwambiri, ndipo munthu amadzizindikira msanga. Nafenso tili ndi mawu athu: nthumanzi, kuda nkhawa, mtima kusakhala m'malo. Timabuku ndi mapulogalamu a pawailesi onena za uphungu ayenera kuyambira pa mawu amenewa, ndipo owalemba ndife.

Mng'ono wanga analemba mayeso a MSCE n'kukhoza. Mtima umamuthamangabe nthawi zina. Pa Khirisimasi yapitayi anamupempha kuti awerenge mawu kutchalitchi. Ndinali pabenchi yachiwiri, ndipo ndinkaona pepala likunjenjemera m'manja mwake kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza.