Musatenthe Cakudya ca Munda Wanu

Abale anga, munthu akafuna kutsegula munda wa ndiwo pafupi ndi nyumba yace, kawiri kawiri ayamba ndi moto. Aunjika udzu, mapesi ndi masamba, nazitentha, natipula pang'ono pamwamba, nafesa mbeu tsiku lomwelo. Ine ndinena kwa inu kuti wocita cotero watentha ndiwo za ana ace zisanamere.

Ndidziwa cimene mudzandiyankha. Mudzati, Moto ufulumiza nchito, upsereza mbeu za udzu, ndipo pa phulusa mpiru umera wobiriwira. Zimenezi nzoona. Phulusa liri ndi mcere wokomera mbeu, ndipo licepetsa kuwawasa kwa dothi lofiira la katondo. Koma cakudya cija cokulitsa masamba, cimene ophunzira acicha naitirojeni, cithawa pamodzi ndi utsi. Cotsala ndico dothi lopanda cofunda, limene mvula yoyamba iliomba niliumitsa ngati njerwa, madzi nathamanga pamwamba osalowa. Caka coyamba mudzakondwa, cacitatu mudzati nthaka yatha.

Taonani maungu omera okha pa dzala. Palibe anawalimira, koma aposa a m'munda. Cifukwa cace nciani? Pamenepo zinyalala zinaola, sizinapse. Zoola zisandutsa dothi lofewa ndi lakuda. Mu mcenga zisunga madzi, mu makande zitsegula njira ya mizu. Feteleza wa ku sitolo adyetsa mbeu, koma nchito iyi saigwira.

Tsono citani cotere. M'mwezi wa Meyi kapena Juni, mutatha kukolola, kumbani nkhuti pamthunzi, kuya kwace mapazi 2. Yalani pansi udzu ndi mapesi oduladula, mainchesi 6. Pamwamba pace thirani ndowe za m'khola kapena zitosi za nkhuku, mainchesi 2. Wazani phulusa la pa mafuwa ndi dothi pang'ono, nimuthire madzi kuti zinyowe, koma zisamire. Bwerezani cotero kufikira nkhuti yadzala. Zikani ndodo pakati: mukaizula patapita masiku owerengeka nimuipeza yofunda, dziwani kuti zayamba kuola. Tembenuzani pakatha masabata 3, ndi kawiri kenanso pambuyo pace. Pakutha miyezi 3 mudzafukula manyowa akuda, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Njira iyi anaikonza bwino Albert Howard ku Indore, m'dziko la India, nailemba m'buku m'caka ca 1931, ataphunzira zambiri kwa alimi a kumeneko.

Pamene manyowa ali kuola, konzani malo. Sankhani pofika dzuwa, kutali ndi mizu ya mitengo ya bulugamu, imene ilanda madzi. Mangani mpanda msanga, pakuti mbuzi siidikira. Mabedi akhale mapazi 4 m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo, ndipo pa malo otsetsereka apingase, asatsate njira ya madzi. Kumbani kuya phazi lathunthu, nimuswe dothi lolimba liri pansi pa pomwe khasu limalekeza, koma dothi la pansi musalitulutse pamwamba. Makande musawalime ali matope, angaume zibuma. Potsiriza sakanizani dengu limodzi la manyowa pa phazi liri lonse loyenda, nimudikire masabata 2 musanafese.

Cenjerani ndi ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku. Zipsereza mbande, ndipo pa ndiwo zodya zosaphika zitengera matenda a m'mimba ku nyumba.

Wina adzati, Nchito yaculuka. Inde, yaculuka, cifukwa cace yambani ndi mabedi awiri okha. Mabedi awiri odyetsedwa bwino apatsa banja ndiwo zoposa za mabedi khumi anjala, ndipo afuna mitsuko yocepa ya madzi, cinthu cimene amai a pa nyumba adzaciyamika. Akulu anati kuthamanga sikufika. Mnzanu akayatsa mapesi ace caka cino, mumpemphe akupatseni inu asanakoleze moto.