Kukoma kwa Thobwa Kuli m'Mbiya

Amayi anzanga, kodi munadzifunsapo chifukwa chimene thobwa la agogo limakomera kuposa lathu, chikhalirecho chimera ndi ufa n'zomwezo? Chinsinsi chake chili m'chiŵiya.

Opanga vinyo ku France amadziŵa zimenezi. Ku Bordeaux vinyo amamusunga m'migolo ya mtengo wotchedwa oak, uliwonse wa malita 225, kaŵirikaŵiri kwa chaka chimodzi kapena ziŵiri. Mmisiri amayamba waŵaula m'kati mwa mgolo ndi moto. Tsono thabwalo limapatsa vinyo fungo lonunkhira, ndipo kampweya koloŵa pang'onopang'ono kamachepetsa ukali wake. Koma mgolo ukagwira ntchito zaka zingapo fungo lija limatha.

Mbiya yathu ndi yosiyana, pakuti imakoma ikamakalamba. Dothi lootcha lili ndi timaenje tosaoneka ndi maso. M'menemo mumatsalira tizilombo tabwino timene timasasitsa thobwa ndi moŵa wamasese, kotero kuti mbiya yozoloŵera ntchito imayambitsa yokha kuŵira kwa chakumwa chatsopano. Chinyontho chotuluka m'mbali mwake chikamauma, zam'kati zimazizira. Musayese kuti n'zachikale: m'dziko la Georgia vinyo amamusungabe m'mbiya zokwirira pansi, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika luso limenelo m'gulu la chuma cha anthu onse.

Tsono chiŵiya chimene chimapereka zabwino chingaperekenso zoipa. Lero pa maukwati ndi pa ziliza ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ambirife tatembenukira ku madiramu ndi zigubu za pulasitiki. Kuno n'kolima fodya, ndipo zigubu zina zinasungapo mankhwala a kunazale kapena mafuta. Pulasitiki amamwa mankhwalawo, ndipo sopo sawachotsa onse. Nalo diramu ladzimbiri limadyeka ndi kuŵaŵasa kwa thobwa. Amene amamwa zimenezi ndi ana athu ndi alendo athu.

Choncho chigubu chimene simukudziŵa mbiri yake musathiremo chakumwa, ngakhale chitsike mtengo chotani. Mbiya yatsopano yambani mwaphikamo gaga kuti ikhwime. Mukatha ntchito itsukeni ndi madzi otentha popanda sopo wonunkhira, muiumitse padzuŵa, muivundikire pamalo pouma. Ya thobwa isasungenso mafuta kapena nsomba.

Mukafika pamsika pa Namitete kapena pa Mpingu, musalambalale mayi woumba mbiya. Gogodani ndi chala: ikalira bwino ndiye kuti ilibe mng'alu. Paja mau a akulu akoma akagonera.